Kochi wanga sanandiuzepo chochita

Agogo anga aamuna anabwera kuno ku Joni ndi Wenela. Anakumba mgodi makontilakiti awiri, n'kubwerera kwathu ku Ntcheu ndi jasi, njinga ndi makina osokera a Singer. Makina amenewo ndi amene ndinaphunzirirapo utelala pakhonde la amalume. Ine ndinatsika basi pa Park Station mu 2014, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2024 ndinali nditatha zaka pafupifupi khumi ndikusoka makatani ku Fordsburg. Ndikanati ndibwerere tsiku limenelo, ndikananyamula chikwama cha zovala, foni ndi ngongole. Nyumba imene ndinayamba mu 2017, pamalo amene ndinagula pafupi ndi msika, inali itaima pa windo, udzu utamera m'zipinda. Akazi anga anali atasiya kuitchula.

Sikuti ndinali waulesi. Ntchito ndimagwira Lolemba mpaka Loweruka masana, mowa sindimwa, ndipo ndimakhala m'chipinda chimodzi chakuseri kwa nyumba ya munthu ku Rosettenville. Malipiro sanali ochuluka, komanso sanali oti munthu n'kulephera kugula matumba awiri a simenti pamwezi. Koma mwezi ukangofika pakati ndinkapezeka ndili kwa mashonisa, akatapila a kunowa. Mukanandifunsa kumene ndalama zinkapita, ndikanayankha momwe timayankhira tonse: "Kumudzi, achimwene. Mavuto."

Mu 2021, Covid itatisiya tonse manja lende, mnzanga ananditumizira kanema wa pa Facebook wa mnyamata wina wa suti, atatsamira galimoto yonyezimira, akudzitcha life coach. Tinapita ku semina yake mu holo ina m'tauni, polowa R300. Anatiimiritsa, kutikuwitsa kuti ndife mamiliyoneya, kenako anati chinsinsi chili mu forex, malonda ogula ndi kugulitsa ndalama zakunja, ndipo wofuna kulowa m'kalasi lake la pa WhatsApp alipire R2,500, akabweretsa anzake atatu abwezeredwa. Ndinalipira. Ndinakokeramonso mlamu wanga, chinthu chimene mpaka lero chimandigwetsa nkhope tikakumana. Patatha miyezi iwiri gululo linatsekedwa, nambala ya mnyamatayo osagwiranso. Kuchokera pamenepo mawu oti kochi ndinawabwezera ku mpira kumene ndinawadziwira. Kochi ndi Kinnah Phiri, amene anatengera Flames ku Angola mu 2010 n'kukathira Algeria zigoli zitatu kwa duu. Ena onsewa ndi akuba ovala tayi.

Choncho mu February 2024, mayi ena a kumpingo kwathu atandipatsa zitenje zitatu kuti ndiwasokere madiresi, n'kunena pocheza kuti akuphunzira za coaching, ndinaseka mpaka tepi inagwa m'manja. Mayiwa kwawo ndi ku Lilongwe, amagwira ntchito mu ofesi yoona za antchito pa kampani ina ku Sandton, ndipo amuna awo ndi mkulu wa mpingo. Ndinawafotokozera za mnyamata wa suti uja. Sanamuikire kumbuyo. Anati kuno ku South Africa aliyense akhoza kudzuka m'mawa n'kudzitcha kochi, palibe lamulo lomuletsa, kusiyana ndi katswiri wa zamaganizo amene ayenera kulembetsa ku bungwe la HPCSA asanayambe kuona anthu. Zimene zilipo ndi mabungwe amene makochi amalowa mwa kufuna kwawo, monga COMENSA la konkuno, limene linayamba mu 2006, ndi ICF la dziko lonse, limene linayambira ku America mu 1995. Iwo ankafuna satifiketi yoyamba ya ICF, imene imalira maola 60 a maphunziro ndi maola 100 okhala ndi anthu enieni, ndipo 75 mwa maolawo akhale olipidwa.

"Ndiye ndikusakasaka anthu, achimwene," anatero. "Malipiro sakhala a ndalama okha, kusinthana ntchito amawerengeranso. Inu muzindisokera, ine ndizikhala nanu ola limodzi kawiri pamwezi, kwa miyezi isanu ndi umodzi."

Ndinavomera chifukwa cha ulemu. Ndiululenso kuti mumtima ndinkati munthu wa ku Sandton sangalephere kundipezera ntchito yabwino.

Lamlungu lotsatira anabwera ndi pepala la tsamba limodzi kuti tonse tisaine. Linkanena kuti zimene tikambirane sizituluka, ngakhale kwa amuna awo, pokhapokha ngati moyo wa munthu uli pangozi. Kuti sadzandikongoza ndalama kapena kundigulitsa kanthu. Kuti ndikhoza kusiya tsiku lililonse. Ndiponso kuti zosankha zonse zidzakhala zanga. Ya chinsinsiyo ndinaiwerenga kawiri. Mukudziwa momwe nkhani zimathamangira pakati pa Amalawi kuno: ukatsokomola ku Turffontein m'mawa, madzulo ku Ntcheu amva kuti wagonekedwa m'chipatala. Tinagwirizana zokumana tikaweruka kutchalitchi, pa mabenchi a panja, poti aliyense azitiona koma osatimva. Akazi anga ndinawauza tsiku lomwelo. Mwamuna wa ku Joni wokumana ndi mzimayi kawiri pamwezi mwakachetechete, nkhani yake imathera kwa ankhoswe.

Tsiku loyamba ndinakhala pansi n'kupinda manja, kudikira phunziro.

"Mukufuna tikambirane chiyani lero?"

Ndinati ophunzira ndi iwowo, andiuze.

"Moyo wanu ine sindikuudziwa. Inuyo mukufuna chiyani?"

"Ndalama."

"Zingati?"

"Zambiri."

"Kuti zichite chiyani?"

Apa ndinamasula thumba la madandaulo. Ndinayamba ndi kwacha imene anaigwetsa ndi 44 peresenti mu November 2023, ife olandira marandi n'kusangalala sabata imodzi yokha mitengo ya simenti ndi malata isanatipeze. Ndinanena za magetsi, za abwana, za mapepala, za abale osatha kupempha. Anandimvetsera osandidula. Nditamaliza anati, "Mwandiuza zinthu zisanu zimene simukuzifuna. Chimene mukufuna sindinachimve." Kenako anakhala chete.

Chete ameneyo sindidzamuiwala. Ife tinakulira m'malangizo. Kuchinamwali anamkungwi amayankhula, namwali atazolika. Paukwati ankhoswe amayankhula, kutchalitchi abusa, kuntchito abwana. Wamng'ono ntchito yake n'kuwomba m'manja, n'kunena kuti "ndamva". Ndinali ndi zaka 41 ndipo panalibe munthu amene anandifunsapo chimene ndikufuna n'kudikira kuti ndiyankhe. Kufunsa amafunsa, koma yankho amakhala ali nalo kale m'thumba, akungodikira kuti utseke pakamwa alitulutse. Mayiwa m'thumba mwawo munalibe kanthu. Ndinayang'ana nsapato zanga, ndinayang'ana ana amene ankathamangitsana pabwalo, mpaka mawu anatuluka okha: "Ndikufuna mayi anga agone m'nyumba ya malata asanamwalire."

"Malata angati? Mwezi uti?"

Sindinkadziwa. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikudandaula za nyumba, koma ndinali ndisanafunsepo kuti yatsala ndalama zingati. Sabata imeneyo ndinaimbira mmisiri, anapita kukayeza, n'kunditumizira mndandanda: njerwa zokwezera makoma, matumba 35 a simenti, malata 46, matabwa, misomali ndi ndalama ya manja ake. Chinthu chimene chinkandisowetsa tulo chinakwana pa theka la tsamba la kope.

Pambuyo pake anandiuza kuti njira imene ankatsatira imatchedwa GROW, ndipo anaitchukitsa ndi Mngelezi wina, John Whitmore, amene poyamba anali woyendetsa galimoto za mpikisano, m'buku limene anatulutsa mu 1992. Ndi mafunso anayi basi: ukufuna kufika pati, panopa uli pati, njira zilipo ndi ziti, nanga uchita chiyani ndipo liti. Zimamveka ngati a e i o u. Koma lachiwirilo ndi limene linandivula.

Anandifunsa kuti ndingadziwe bwanji kumene ndalama zanga zimapita. Ndinati mwina nditamalemba. Anati, "Muyamba liti?" Ndinagula kope la ana a sukulu, ndipo kwa masiku 30 ndinalemba randi iliyonse, ngakhale ya chigumu cha pa renki ya Bree. Lendi, thiransipoti ndi chakudya sizinandidabwitse. Zinandidabwitsa ndi zitatu. Kumudzi ndinatumiza kasanu ndi kawiri mwezi umodzi, pang'onopang'ono, ulendo uliwonse ndikulipira ndalama yotumizira, ndipo mwa maulendo onsewo awiri okha ndi amene anapita kwa akazi anga. Zina zinapita kwa msuweni wofuna mpamba wa tomato kachitatu, mwana wa achemwali wofuna foni, mnzanga wa kupulayimale amene sindinamuone kuchokera mu 2014. Kwa mashonisa kunapita R500 ya chiwongoladzanja chokha. Ndiye panali tsamba la kubetcha mpira pa foni: R20 apa, R30 apo, pamodzi R640. Ndinkadzitama kuti sindimwa, osadziwa kuti mowa wanga unali ligi ya ku England.

Popita nalo kopelo ndinakonzekera kudzudzulidwa. Anangoti, "Mukuona chiyani?" Ndinafotokoza masamba onse, la kubetchalo n'kulidumpha. Anaona. "Tsamba mwadumphalo mukufuna tilione, kapena tilisiye?" Akanandikalipira ndikanadziteteza, pakamwa ndili napo. Koma munthu wakupatsa ufulu wobisa, umabisa bwanji? Ndinalitsegula.

Ulendo wachitatu ndinapsa mtima. "Achemwali, ingondiuzani chochita. Mafunso okhaokha ngati kupolisi?" Anaseka, n'kundiuza kuti mawu oti coach anachokera ku mudzi wina wa ku Hungary wotchedwa Kocs, kumene ankapanga ngolo zokokedwa ndi mahatchi, ndipo cha m'ma 1830 ophunzira a ku Oxford anayamba kutchula choncho mphunzitsi wapadera amene ankawanyamula kuwawolotsa mayeso. "Ngolo imapita kumene wokwera akufuna," anatero. "Mukakwera osanena kopita, ng'ombe zingoima. Komanso ndikakuuzani chochita, zikakanika mudzati zinali nzeru za mayi wa ku Sandton amene sanagonepo ndi njala." Sindinayankhe, chifukwa mawu amenewo ndinali nditawakonza kale mumtima.

M'malo mondiuza, anati nditchule njira khumi zopezera ndalama ya pa theka la tsamba ija. Nditatchula zitatu ndinauma. "China?" Ndinati kupambana Lotto. Analemba. "China?" Ndinati kuba. Analembanso, tonse tikuseka. Chachisanu ndi chiwiri chinali makina angaanga. Taonani: zaka zonsezi anthu a kumpingo ankandipatsa zitenje, ine n'kumakasokera pa makina a mnzanga wa ku La Rochelle, ndalama n'kumagawana pakati. Kuntchito kwanga n'kufupi ndi Oriental Plaza, kumene zipi, ulusi ndi nsalu zamkati zimapezeka mosavuta. Zonsezi ndinkazidziwa. Mayiwa sadziwa ngakhale kulowetsa ulusi pa singano, sakanandiganizira zimenezi. Zinali m'mutu mwanga momwemo, zitakwiririka ndi madandaulo.

Tinayamba chipereganyu anthu asanu odalirana, R1,000 aliyense pamwezi, ine n'kupempha kuti ndilandire wachiwiri. Kumapeto kwa April ndinagula makina a Juki ogwirapo kale ntchito pa R4,500, n'kuwaika pakati pa bedi ndi chitseko. Mwayi wake, kuyambira kumapeto kwa March chaka chimenecho magetsi anasiya kuzimazima kwa miyezi yambiri, moti madzulo ndi Loweruka masana ndinkasoka bwinobwino: madiresi a zitenje, mayunifomu a amayi a mvano, kufupikitsa mathalauza a anthu a m'dera lathu. Ngongole ya mashonisa ndinaitseka mu May.

Kukumana kulikonse kunkatha mofanana. "Muchita chiyani tisanaonanenso? Liti? Ine ndidziwa bwanji kuti mwachita? Pa 1 mpaka 10, mwatsimikiza kufika pati?" Ndikati 6, ankati, "Chingakufikitseni pa 8 n'chiyani?" Ndipo Lamlungu lotsatira poyambira pankakhala pomwepo. Kunena zoona, theka la phindu la kochi lili pamenepa. Lachinayi usiku, chala chili pa foni, timu ikuoneka kuti ipambana ndithu, ndinkakumbukira kuti Lamlungu kuli munthu amene adzatsegula kope lake n'kuwerenga mawu anga omwe. Kudzilonjeza wekha n'kosavuta kuswa, palibe mboni.

Povuta penipeni panali pa abale. Apa tinakangana, kapena ndinene kuti ndinakangana ndekha, iwo akumvetsera.

"Achemwali, izi ndi za azungu," ndinatero. "Mzungu amakhala yekha ndi galu wake, akhoza kupanga bajeti. Ine sukulu ndinaphunzira ndi ndalama za kachewere wa amalume. Utelala anandiphunzitsa ndi iwo. Lero aimbe foni ine ndiziti si za mu pulani?"

Mpaka lero ndimaona kuti mfundo yanga inali ndi mutu. Maphunziro ambiri a coaching anapangidwira anthu a m'maofesi a kunja, amene akati "cholinga changa" amatanthauza iwo okha. Ife tikati "ine" mumakhala anthu khumi ndi awiri. Kochi wosamvetsa zimenezi akhoza kukupasulira banja. Koma mayiwa nawonso ali ndi kwawo, nawonso foni yawo imalira pakutha pa mwezi.

"Sindinanene kuti musiye kuthandiza," anatero. "Ndingofunsa. Mwa anthu amene munawatumizira mwezi uja, ndi angati amene zinthu zinawasinthira?"

Ndinawerenga pa zala. Akazi anga okha, mwina.

"Nanga tsiku limene maso adzakane kuona singano, mudzathandiza ndani, ndipo inuyo mudzafikira kuti?"

Tonse timawadziwa matchona amene amabwerera m'bokosi, anthu atasonkherana pa WhatsApp ndalama ya galimoto, kumudzi n'kusowa ndi nyumba yoikamo maliro usiku umodzi. Sanatchule zimenezo, ndinaziona ndekha. Ndipo ndinakonza ndekha dongosolo: kutumiza kamodzi pamwezi, kwa akazi anga, pa 1, ndalama ya simenti azikalipira okha kusitolo n'kunditumizira chithunzi cha lisiti, R400 ndizipatula mu envelopu ya matenda ndi maliro, ikatha yatha, amalume ndiziwathandiza feteleza kamodzi pachaka, koma wokwanira.

Kulemba kunali kophweka. Kuwauza amalume ndi kumene kunandigwetsa ulesi milungu iwiri. Mayi aja anati tiyeserere, iwo akhale amalume. Anakhwimitsa mawu: "Iwe mphwanga, Joni yakulowa m'mutu eti? Waiwala amene anakugulira yunifomu?" Anachita bwino kwambiri moti ndinatuluka thukuta pa benchi. Tinabwereza katatu mpaka ndinapeza mawu oti ndikhoza kuwanena osachita mwano komanso osagonja. Usiku wake ndinaimba.

"Amalume, ndikupempha mundimvere. Chaka chino ndikufuna ndifolere nyumba kuti mayi alowemo. Feteleza ndidzakutumizirani mu October, matumba awiri, osalephera. Koma zapakatizi ndikhala ndikukanika. Ndati mumve kwa ine, musamve kwa ena."

Anakhala chete nthawi yaitali. "Tamva," anatero, n'kudula. Miyezi iwiri sanandiimbire. Msuweni wa tomato uja mpaka pano sandiyankhula, ndipo ndamva kuti amanditcha mzungu. Zimenezi muzidziwiretu, palibe kochi amene angakuchotsereni.

Mu June, makoma atafika pa lintala, mayi anamwalira. Anadwala masiku anayi okha. Mapepala anga anali asanalongosoke, ndipo tonse tikudziwa chimene chimachitika pa Beitbridge ukapitirira masiku 30 amene amatidindira: amakulemba kuti usalowenso kwa chaka kapena zaka. Maliro a mayi anga ndinaonera pa foni ya mlamu wanga, netiweki ikudukaduka. Ndalama zonse za malata zinapita ku bokosi ndi chakudya cha anamfedwa, ndipo zimenezo sindidandaula nazo. Chimene chinatsatira ndi chimene chinali choipa. Kope ndinaliponya pansi pa bedi. Sabata imodzi ndinabetcha R900. Kutchalitchi ndinajomba milungu itatu, foni ya mayi aja osayankha. Iwo anangotumiza uthenga umodzi: "Pepani ndi zovuta, achimwene. Ndilipo mukafuna."

Nditabwerera ndinawauza kuti palibenso chifukwa chopitirizira. Ndinawauzanso kuti sindikugona, nsima sikulowa, ndipo kawiri ndinapezeka ndikulira pa makina kuntchito, nsalu ya kasitomala ili m'manja. Anatseka kope lawo.

"Izi si za kochi," anatero. "Kochi amayenda ndi munthu amene miyendo ikumunyamula. Chisoni chimene chakulandani tulo ndi chakudya milungu yonseyi chikufunika anthu amene anaphunzira zimenezo, ine sindinaphunzire." Anandipatsa nambala ya SADAG, bungwe la konkuno limene limathandiza anthu a nkhawa ndi okhumudwa pa foni, anati ndipitenso kukiliniki ndikapemphe kuonana ndi mlangizi, ndiponso ndiwauze abusa. Ndinapita, ndinaonana ndi mlangizi katatu, ndipo zinathandiza. Za mapepala anayankha chimodzimodzi: "Ine si loya." Anandilozera ku Lawyers for Human Rights ku Braamfontein. Mnyamata wa suti uja analibe funso limene sankalidziwa yankho lake, kuyambira ukwati mpaka matenda a shuga. Mayiwa tsiku limenelo anakana kawiri, ndipo m'pamene ndinawakhulupirira kwenikweni.

Tinapuma mwezi wathunthu. Titayambiranso anandifunsa funso limodzi: "Nyumba ija tsopano ndi ya ndani?" Ndinalephera kuyankha, ndipo sanandikakamize. Ndinayenda nalo funsolo milungu iwiri, m'minibasi, pa makina, pogona. Yankho linabwera mwana wanga wamkazi, amene anali Fomu 3, atanditumizira chithunzi cha makope ake atawakulunga mu jumbo, akuti akukonzekeratu dzinja chifukwa nyumba ya lendi imene ankakhala imadontha pamwamba penipeni pa tebulo lake. Ndinatulutsa kope pansi pa bedi. December imene ndinali nditalembamo ngati mwezi wofolera nyumba ndinaifufuta, n'kulembapo April.

Ena amandifunsa ngati nawonso afune kochi. Ndimawauza kuti makochi odziwika a ku Sandton ndi Rosebank amalipiritsa ndalama zoti telala ngati ine sangaziyandikire, ambiri mwa makasitomala awo amawalipirira ndi makampani. Khomo lathu ife ndi la ophunzira amene akusonkhanitsa maola awo, ngati mayi aja. Amalandira zochepa kapena kusinthana ntchito, ndipo amakhala ndi owayang'anira. Musanayambe mufunseni kumene anaphunzira ndi bungwe limene ali, ndipo ngati watchula ICF kapena COMENSA, dzina lake mukhoza kulifufuza pa intaneti. Pemphani pangano lolemba. Ulendo woyamba werengani kuti akuyankhula kwambiri ndani: ngati ndi iyeyo, mwapita ku ulaliki. Akatchula phindu lotsimikizika, mankhwala ogulitsa, kapena zoti mubweretse anzanu, nyamukani mukadali ndi ya thiransipoti. Ndipo ngati vuto lanu lero ndi loti mulibe pogona kapena abwana akukana kukulipirani, musataye nthawi ndi mafunso anayi aja. Pitani kwa abale a kumpingo kapena kumzikiti, pitani ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya antchito ndi mabwana awo. Kochi sanandikwezere malipiro, sanandikonzere mapepala, ndipo apolisi akaimitsa minibasi mtima umagundabe ngati kale. Ntchito ya ku Sandton imene ndinkaiyembekezera ija sinatchulidwe n'komwe.

Tinamaliza mu September, madiresi asanu ndi awiri ndi suti imodzi ya amuna awo ndi amene anali malipiro. Feteleza wa amalume anapita mu October monga ndinalonjezera, ndipo mu November ndinamva kuti iwo ndi amene akukayang'anira anyamata otuta mchenga pa ngolo, akuwerenga maulendo ndi timiyala. Za foni ija sitinakambiranepo. Kubetcha ndinagwamonso kawiri, sindinama, koma kawiri konseko ndinalemba m'kope. Malata 46 anakhomedwa mu April 2025. Chipinda chimene chinali cha mayi muli matumba a chimanga ndi tebulo la mwana wanga. Pulasitala kulibe, mawindo awiri tinatseka ndi njerwa, ndipo zitseko zamkati ndi zitenje.

Cholakwa chimene ndinachita n'chakuti mafunso a mayi aja ndinkawafotokozera akazi anga Lamlungu lililonse madzulo. Sabata yatha tikucheza pa foni ndinanena mongodutsa kuti zitseko tiziona.

"Tiziona liti, bambo a ana?"

Ndinati August.

"Ndidziwa bwanji?"

Ndinati ndiwatumizira ndalama ya kalipentala pa 1.

"Pa 1 mpaka 10?"

Ndinati 7, ndipo foni sanadule.